Group III, GTL, PAO kapena ester: oyilo wa synthetic uti ndi woyenera ndalama zanu?

Zigubu ziwiri za oyilo wa mu injini wa 5W-30, zonse zolembedwa kuti fully synthetic, zimatha kukhala pa shelefu imodzi koma china n'kudula kuwirikiza kawiri chinzake. Zimasiyana pa zinthu ziwiri: mafuta oyambira, omwe ndi ochuluka m'chigubumo, ndi mankhwala omwe amathiramo.

Bungwe la API, loona za mafuta ku America, linagawa mafuta oyambirawa m'magulu asanu. Gulu I ndi II ndi oyilo wamba. Amene amagulitsidwa ngati synthetic ndi III, IV ndi V.

Group III ndi mafuta okumba pansi omwewo, kungoti amawayenga ndi haidrojeni pa kutentha kwakukulu mpaka sulufule ndi zonyansa zina kutsala zochepa kwambiri. Mu 1999 kampani ya Mobil inakadandaula ku bungwe loona za malonda ku America kuti Castrol ikugulitsa Syntec ngati synthetic chonsecho muli Group III. Chigamulo chinakomera Castrol, ndipo kuchokera apo oyilo wambiri wa synthetic amene timagula ndi wa gulu limeneli. Ku Germany kokha ndiko amaumitsako zinthu: oyilo wotereyu amamulemba kuti HC-Synthese. Kodi ndiye kuti ndi wachabe? Ayi. Amapirira kutentha, ndi wotsika mtengo, ndipo mankhwala amasungunukamo bwino kuposa mu PAO wa Group IV.

GTL ndi m'bale wake. Shell imamupanga kuchokera ku gasi pa fakitale ya Pearl ku Ras Laffan m'dziko la Qatar, yomwe inayamba ntchito mu 2011, ndipo ndi amene ali mu Helix Ultra. Amawerengedwa mu Group III, koma ndi woyera kwambiri ndipo sasanduka nthunzi msanga. Kwa ine, pa ndalama yomwe munthu walipira, ameneyu ndiye wabwino.

PAO, wa Group IV, ndi amene anatchukitsa Mobil 1 itatuluka mu 1974. Amachita kumupanga kuchokera ku ethylene, motero tizigawo take timafanana kukula. Amayendabe kukazizira mpaka kupitirira madigiri 40 pansi pa ziro, nkhani yaikulu kwa munthu wa ku Canada kapena ku Russia. Chisanu cha ku Dedza mu June sichifika n'komwe kumeneko, ndiye mbali yaikulu ya mtengo wa PAO ife timalipira pachabe. Alinso ndi zofooka: mankhwala sasungunukamo bwino, ndipo amaumitsa mphira zotseka oyilo, n'chifukwa chake amamusakaniza ndi ester pang'ono.

Ester, wa Group V, amamatirira ku zitsulo ndipo amapirira kutentha koopsa. Injini za ndege za jeti zimayendera ameneyu. Motul 300V ndi Red Line amatchuka naye. Ndi wodula, ndipo madzi akalowa mu injini amamuwononga. Pa galimoto ya mpikisano ndi woyenera. Mu Sienta yothamanga pakati pa Area 25 ndi m'tauni, n'kutaya ndalama.

Koma mkangano weniweni uli pa mankhwala. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a m'chigubu ndi mankhwala, ndipo ambiri amachokera ku makampani anayi okha: Lubrizol, Infineum, Afton Chemical ndi Chevron Oronite. Muli otsuka, a calcium kapena magnesium, omwe amathetsanso asidi wobwera petulo kapena dizilo akamapsa. Muli ogwira mwaye kuti usaundane n'kukhala matope akuda. Muli ZDDP, wa zinc ndi phosphorus, woteteza zitsulo pamene zikukhuzana. Oyilo akatha ntchito, nthawi zambiri atha ndi mankhwalawa, mafuta oyambira akadali bwino ndithu.

Ndipo kuchuluka kwa mankhwala sikutanthauza ubwino. Phosphorus wambiri amaononga catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi wa galimoto, motero malamulo a ILSAC, bungwe loika miyeso ya oyilo, anamuikira malire a 0.08 peresenti. Calcium wambiri amachititsa petulo kuphulika nthawi isanakwane mu injini zazing'ono za turbo, vuto lotchedwa LSPI lomwe limatha kuswa pisitoni. Miyeso ya oyilo ya API SN Plus ya 2018 ndi API SP ya 2020 inabwera kudzathana nalo. Galimoto ya dizilo yokhala ndi DPF, fyuluta yogwira mwaye wa mu utsi, imafuna oyilo wa phulusa lochepa monga wa muyeso wa ku Ulaya wa ACEA C3, ndipo mukathira A3/B4, ngakhale akhale wa PAO wodula bwanji, fyulutayo imatsekeka pang'onopang'ono. Pa chifukwa chomwechi, timabotolo ta mankhwala othira pamwamba pa oyilo sindiona phindu lake. Timangosokoneza muyeso umene akatswiri anayesa kale.

Makampani ambiri sanena kuti m'chigubu muli PAO wochuluka bwanji. Chomwe mungaone n'zolembedwa kumbuyo, komanso nambala ya Noack pa pepala la oyiloyo ikakhalapo: amamutenthetsa pa madigiri 250 kwa ola limodzi n'kuona kuchuluka kwa amene wasanduka nthunzi. API imalola mpaka 15 peresenti, pamene MB 229.5 ya Mercedes-Benz imafuna kuti asapitirire 10. Kumalo otentha ngati ku Nchalo, nambala imeneyi ndi yofunika kuposa ya kuzizira.

Ndiye mukandipatsa Group III kapena GTL wokhala ndi chilolezo chomwe buku la galimoto yanga likufuna, pambali pake n'kuika PAO wa dzina losadziwika wopanda chilolezo chilichonse, nditenga woyambayo, ndigule pamalo odalirika chifukwa oyilo wachinyengo aliko, ndipo ndalama yotsalayo ndigulire fyuluta yabwino ya mpweya, poti fumbi la m'misewu yathu limadya injini kaya muli oyilo wa gulu liti.