Chifuwa cha bambo akunyumba atamaliza chithandizo cha khansa

Abale anga kumudzi, ambiri mwakhala mukuimba kufunsa za bambo akunyumba, ndiye ndati ndilembe kuti nonse mumve bwino.

Atamaliza radiotherapy (chithandizo chopha chotupa cha khansa ndi cheza) ya pachifuwa tinapuma, tikuti zatha. Pasanathe miyezi itatu anayamba kutsokomola chifuwa chouma, chopanda makhololo, ndipo akakwera masitepe ochepa chabe ankangoti wefuwefu. Ena mwa inu munati ndi TB. Anawayeza, sinapezeke.

Dokotala wa khansa anatiuza kuti cheza chomwe chimapha chotupa chimapwetekanso mapapo amene chadutsamo, amatupa. Vutoli amalitcha radiation pneumonitis, ndipo kawirikawiri limabwera pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 6 chithandizo chitatha. Mankhwala ena a khansa, monga bleomycin, nawonso amawononga mapapo.

Atawajambula CT (makina ojambula m'kati mwa thupi) anawatumizanso ku nuclear medicine, komwe amayeza pogwiritsa ntchito mankhwala otulutsa cheza. Dzinalo linandiopsa, ndinene zoona. Poyamba anawapatsa kapaipi kuti akoke mpweya wosakaniza ndi technetium-99m, amene ndi mankhwala otulutsa chezawo, kenako anawabaya mankhwala a mtundu womwewo mumtsempha wa pamkono. Anagona chagada, manja pamwamba pa mutu, kamera ya SPECT, yojambula cheza cha mankhwalawo m'mapapo, ikuzungulira pang'onopang'ono. Sanamve kupweteka, anangodandaula kuti mapewa atopa. Mphamvu ya mankhwalawo imatsika ndi theka pa maola 6 aliwonse, choncho sakhalitsa m'thupi.

Chithunzicho ndinachiona ndi maso anga. Mbali ya kumanja inali yowala paliponse, pamene kumanzere, chakumtunda, kunali mdima, malire ake ongoti nga, ndendende pamene chezacho chinadutsa. Ndi pamene ndinamvetsa ubwino wa kuyezaku: CT imaonetsa maonekedwe a mapapo, koma iyi imaonetsa pamene mpweya ukulowa ndi pamene magazi akuyenda. Kuyezaku kumathandizanso kuona ngati magazi aundana m'mitsempha ya m'mapapo, zomwe zimavutitsa odwala khansa ambiri.

Anawayambitsa prednisone, mankhwala ochepetsa kutupa, ndipo mlingo wake akuuchepetsa pang'onopang'ono, chifukwa kusiya mwadzidzidzi vuto limatha kubwerera. Chimene madokotala akuyang'anira tsopano ndi zipsera, poti mapapo akauma ndi zipsera sabwereranso mwakale.

Makina oterewa sapezeka paliponse, ndikudziwa. Koma chonde, wachibale amene analandirapo radiotherapy kapena chemo (mankhwala a khansa) akayamba chifuwa chosamva mankhwala, anyamule mapepala ake onse ndipo auze dokotala dzina la mankhwalawo ndi mwezi umene anamaliza. Bambo panopa akugona usiku wonse osatsokomola, ndipo mwezi wamawa akabwereranso kukayezetsa kapumidwe.