Sitolo yodzitengera wekha ya pa boma: shuga ndi mafuta inde, chambo ayi

Kwa inu amene mwakhala mukundifunsa za sitolo yatsopano ija ya m'tauni ya Mangochi, yonyamula basiketi n'kumadzitengera wekha katundu pashelefu, yankho langa nali: pitaniko mwezi ukatha, muli ndi ndalama yogwirika, mukagule zouma. Koma dengu la ndiwo musalisiye kunyumba, chifukwa kumsika mudzadzerako basi. Dzina lake sinditchula. Eni ake sanandipatse kanthu kuti ndiwatsatsire malonda, komanso sindikufuna milandu ndi munthu. Kunena zoona si yatsopanonso kwenikweni, kungoti pakamwa panazolowera.

Ine ndimakhala kwa Mpondasi, ndimakazinga mandasi ndi samusa zogulitsa. Choncho fulawa, mafuta, shuga ndi yisiti kwa ine si zongodya pakhomo, ndi mpamba. Zikakwera pang'ono ndimamva m'thumba tsiku lomwelo, popeza mandasi sungakweze mtengo sabata iliyonse, ana asukulu angakuthawe.

Chimene chimandikokera kumeneko ndi kapepala ka mtengo kamene amamata pashelefu. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka 44 peresenti mu Novembala 2023, m'magolosale ambiri mtengo unachoka pa katundu n'kukakhala m'kamwa mwa wogulitsa. Ukafunsa botolo la mafuta amayamba wakuyang'ana nsapato. Ukati, "Achimwene, si dzana lomweli munandigulitsa motsikirapo?" amangoti, "Zakwera ku Limbe, mayi." Mwina zakweradi, koma iwe ungatsimikize bwanji? M'sitolo muno ndimaima kutsogolo kwa shelefu, n'kuwerengera chamumtima, Kukoma uyu ndi Kazinga uyo, malita awiri kapena asanu. Ndalama ikapanda kukwana ndimabweza botolo pamalo pake mwakachetechete, palibe wondiona ngati ndabwera kudzangofunsa mitengo. Lisiti nalo ndimasunga. Madzulo ndikamawerengera kuti ndowa ya mandasi yandipatsa phindu lanji, sindidaliranso mutu wokha.

Komabe kapepalako musakakhulupirire mpaka kutseka maso. Zinandichitikira kuti pashelefu palembedwa mtengo wina, pofika polipirira makina akunena wina wokwererapo. Mtsikana wa pamakinawo anati, "Pepani mayi, mukompyuta anasintha m'mawa, koma pashelefu sanafikepo." Ndinamuuza kuti ine ndagula zimene ndawerenga, osati zimene zili mukompyuta. Anaitana bwana wake, bamboyo anapita kukaona yekha, anabwera atanyamula kapepalako m'manja, ndipo ndinalipira mtengo wakalewo. Sanakangane nane, pamenepo ndiwayamikire. Koma agogo amene anali patsogolo panga ndi paketi yangati yomweyo anali atalipira kale n'kutuluka. Ndiye katundu wanu akamadutsa pamakina, maso akhale pagalasi paja, osati pafoni. Zikavuta, bungwe la Competition and Fair Trading Commission lilipo, madandaulo otere ndi ntchito yake.

Achinyamata akuona ngati kudzitengera wekha ndi zachilendo kuno. Ayi ndithu. Ife tinakula ndi PTC, ndiko tinkagula Sobo, mabisiketi ndi tiyi wa Chombe nthawi ya Khirisimasi. Kampani ya Press Corporation inagulitsa PTC mu 2022, ndipo posakhalitsa sitolo zake zinatsekedwa m'dziko muno. Ngakhale zimenezo zisanachitike, malonda anali atafalikira kale m'makwalala. Anyamata obwera ku Joni akafika, choyamba ndi nyumba ya malata, chachiwiri kagolosale kutsogolo kwake, mkazi kapena mng'ono wawo n'kumagulitsamo. Yendani kuchokera pamlatho wa Bakili Muluzi kulowera njira ya ku Monkey Bay muwerenge nokha zitseko zopentedwa. Nthawi ina zinkaoneka ngati khomo lililonse ndi sitolo.

Pa shuga ndiwapatsa ulemu wawo. Muja shuga anasowa mu 2024, anthu n'kumathamangira galimoto iliyonse yotsitsa katundu, iwowa ankati akalandira amaika malire, mapaketi ochepa pamunthu, mtengo osaukhudza. Mzere unkatuluka panja mpaka padzuwa, ena ankabwera ndi ana awo onse kuti aliyense agwire paketi, koma tinkapeza. Kunja kuno shuga yemweyo ankatuluka kunsi kwa kauntala pamtengo woti ukaumva umangoseka. Dziko lolima nzimbe ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Salima, koma tiyi tinkamwera mbatata.

Tsopano nsomba. Kumapeto kwa sitoloyi kuli mafiliji aatali, ndipo m'modzi mwa iwo muli chambo chokutidwa m'mapulasitiki, chouma gwa ndi ayisi. Chambo cha mufiliji ku Mangochi! Kumtunda nyanja ya Malawi, kumunsi Malombe, Shire akudutsa pakhomo penipeni. Zili ngati kugula madzi a m'botolo utakhala pamjigo. Ine chambo ndimagula ndi manja. Ndimatsegula m'mbali mwa mutu kuona ngati mkati muli mofiira bwino, ndimayang'ana diso ngati lili loyera, ndimadina ndi chala pamsana kuona ngati mnofu ukubwerera. Ndikatero n'kuyamba kunenerera, mpaka wogulitsa adandaule kuti ndamupha. Cha mufilijichi sungachidine, sungachinunkhize, ndipo palibe angakuuze kuti chinavuulidwa liti. Mtengo wake ndi wa pakilo, wolembedwa, wosanenerera.

Ogula alipo, musadabwe. Ndi alendo a magalimoto aatali opita kumalo ogona a kunyanja, amene amaopa ntchentche za kumsika ndipo sadziwa kusiyanitsa chambo chenicheni ndi makumba. Komanso mu Novembala ndi Disembala, nyanja akaitseka kuti nsomba ziswane, filiji ija imapeza makasitomala. Apo ayi, ife eni dera tilibe nacho ntchito. Ndipotu chambo chinasanduka ndiwo ya alendo ngakhale kumsika komweko, chinachepa m'madzi. Masiku ambiri pakhomo panga ndi usipa wofutsa, utaka kapena kambuzi, ndipo zimenezi m'sitolo mulibe, kupatula timapaketi ta usipa tochepa momvetsa chisoni. Kumsika amakuthirira mulu, ukamwetulira amakuwonjezera banyira. Tomato, anyezi, mpiru ndi therere n'chimodzimodzi. Zawozo zimakhala zitatopa ndi ulendo, pamene amayi a kumsika amabwera nazo zothyola m'mawa womwewo.

Nkhuku ndi soseji ndiye ndimagula, koma mosamala. Kutentha kwa kuno mu Okutobala mukukudziwa, ndipo magetsi akazima filiji siichedwa kuyamba kulira misozi. Jenereta ali nayo, imalira ndithu, ndinaimva. Ngakhale zili choncho ndimatembenuza paketi kuona kunsi. Mukapeza ayisi wofiirira atadzaza pangodya, ndiye kuti nkhukuyo inasungunukapo n'kuumanso, isiyeni. Ndinapezapo zotere kangapo pansi pa filiji, zapamwamba zili bwinobwino. Chimene anachita mwanzeru n'choti nyama yonse ya mmenemo ili ndi chizindikiro cha halaal, ndipo ya nkhumba sasunga n'komwe. Ine ndine wa Katolika, koma ogula samusa zanga ambiri ndi Asilamu, ndipo amafunsa kuti nyamayi mwagula kuti. Ndikatchula sitoloyi kapena butchala ya kumsika imene amaidziwa, nkhani imathera pomwepo. Wochita malonda a zakudya ku Mangochi osaganizira zimenezi ndiye kuti sanafunse anthu.

Ambiri ankati sitoloyi ipha maokala. Sinaphe, ndipo siingaphe. M'sitolo simugulitsidwa mafuta oyeza a m'kachubu, simupezeka shuga wa tiyi mmodzi, simuli walkman ya ufa wophika nsima ya usiku umodzi. Koposa zonse mulibe kope la ngongole. Amayi a paokala ya kwathu amadziwa kuti bambo a uje amalandira pa 27, kuti mayi a uje mwamuna wawo amatumiza kuchokera ku Joni mwezi ukapita pakati, ndipo amalemba. Mwana akadwala usiku, umagogoda pawindo lawo n'kutenga kandulo ndi machesi, ndalama mawa. Makina a m'tauni aja sadziwa dzina la munthu. Choseketsa n'choti amayi omwewa ndimakumana nawo m'sitolomo akukweza belo la shuga ndi katoni ya sopo pakabaza. Akafika kwathu amagawa m'timapepala, n'kutigulitsa ife tomwe.

Amene akulira ndi apakatiwa, magolosale a kauntala ndi waya aja. Pamtengo sangapikisane ndi sitolo yaikulu, pangongole sangapikisane ndi okala, chifukwa ogula awo ndi odutsa, sawadziwa kwawo. Ena ndikuona asintha, ayamba kugulitsa zipangizo za mafoni, ena asanduka ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba, mashelefu kumbuyo kuli mabotolo awiri a Sobo ochita fumbi. Amene akulimbabe ndi aja amagulitsa katundu wolowera pa Chiponde kuchokera ku Mozambique, monga supageti ndi mafuta, amene nthawi zina amatsikirapo mtengo. Kumeneko ndimagulako, koma ndimayamba ndayang'ana deti. M'sitolo yathuyi namonso muziyang'ana, makamaka patebulo la pakhomo pamene amaunjika zotsitsa mtengo. Zambiri zimakhala zatsala masabata ochepa kuti zithe mphamvu. Majarini woti ndimuthera m'mandasi sabata yomweyo ndimatenga. Mkaka wa mwana ayi.

Za kalandiridwe ndingonena mwachidule. Chikwama umasiya pakhomo, amakupatsa kanambala, potuluka mlonda amayang'ana lisiti. Poyamba zinkandinyansa, ngati akundiyesa wakuba, koma amachita kwa aliyense, ndi a mataye omwe. Atsikana a pamakina ndi aulemu, "Takulandirani mayi" samuiwala, ngakhale nkhope zimasonyeza kuti aima kuyambira m'mawa. Makina olipirira alipo atatu, koma kawirikawiri ogwira amakhala amodzi, ndipo masiku a malipiro mzere umafika kumafiliji. Kulipira pafoni kapena pakhadi amalola, netiweki ikafuna. Tchenji chaching'ono akasowa amakupatsa maswiti, chinthu chimene sindinachimvetsebe, chifukwa ine nditapita ndi maswiti sangandipatse mchere. Jumbo ndi yogula, yokhuthala ija, popeza zopyapyala zosakwana ma micron 60 boma linaletsa. Tengani chikwama chanu cha msika, chomwecho mwasiya pakhomocho, mudzalongezeramo panja.

Muwerengerenso kabaza. Kuchokera kwathu kupita ndi kubwera, ndi katundu kumbuyo, ndalama yake imatha kudya phindu lonse limene mwapeza pa paketi imodzi kapena awiri. N'chifukwa chake ndikuti muzipita mukafuna zambiri. Ife tinagwirizana amayi angapo a m'dera mwathu, timasonkha, mmodzi amapita kukagula katoni ya sopo ndi chigubu chachikulu cha mafuta, n'kudzagawana pakhonde lisiti lili pakati. Fulawa wa thumba la makilogalamu 50 alibe, amangosunga mapaketi ang'onoang'ono, ndiye ameneyo ndimakapikulabe kwa ogulitsa zambirimbiri kufupi ndi msika.

Lachisanu masana musavutike, antchito ambiri amakhala apita kumzikiti ndipo zinthu zimayenda pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 2 koloko. M'mwezi wa Ramadan, chakumadzulo kumadzaza anthu ogula zomasulira, ndiye pitani m'mawa. Nthawi yabwino kwa ine ndi pakati pa sabata, akangotsegula, buledi akadali wofunda.

Eni sitolo, ngati mawuwa akufikani, zopempha zanga ndi ziwiri. Tumani mnyamata azizungulira mashelefu m'mawa uliwonse kusintha timapepala tija musanatsegule chitseko. Ndipo panja paja, pamene akabaza amatidikirira, ikanipo kadenga ngakhale ka malata anayi. Anyamata aja ndi amene amakubweretserani makasitomala n'kuwabwezanso ndi katundu wanu, koma amakhala padzuwa la Mangochi mpaka chishalo cha njinga kutentha chosakhalika.