Bafa la madzi otentha ku Senga Bay: mmene mayunitsi akuyendera patatha chaka

Bafa lathu ndi la mtundu wopopa ndi mpweya, limene ogulitsa amalitcha hot tub, ndipo tinaligula chifukwa cha bambo anga amene nyamakazi imawavutitsa m'mawondo ndi m'chiuno. Limalowa malita 800 a madzi, ndipo lili ndi hita ya mawati pafupifupi 2,000, kapampu kosefa madzi komanso makina otulutsa thovu. Tsopano laona nyengo zonse za kunyanja kuno osabooka kapena kuphwa, choncho pa kulimba kwake ndilibe dandaulo. Chimene chinativutitsa ndi magetsi, pakuti m'miyezi yoyambirira mita yathu inkameza mayunitsi ngati kuti pakhomo tatsegula chigayo.

Masamu ake si ovuta. Yunitsi imodzi ya ESCOM ndi kilowati imodzi yogwiritsidwa ntchito kwa ola lathunthu, ndipo kuti malita 800 atenthe ndi digiri imodzi yokha pamafunika pafupifupi yunitsi imodzi. Madzi amene alowa m'bafa ali pa madigiri 22 m'mwezi wa Juni amadya mayunitsi ngati 15 kuti afike pa 38, ndipo hita imayaka maola oposa asanu ndi awiri. Komabe ndalama zambiri sizithera pa kutenthetsa koyambako. Zimathera pa kubwezera kutentha kumene kumathawa usana ndi usiku, makamaka kudzera mu nthunzi. Lita imodzi ya madzi ikauluka ngati nthunzi imapita ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a yunitsi, ndiye aliyense amene amasiya bafa lovundukula pamene akukadya nsima adziwe kuti akutenthetsa mphepo.

Chifukwa cha ichi ndimaika chivundikiro patsogolo pa zonse. Chimene chinabwera ndi bafali chimasiya mpata pakati pa icho ndi madzi, ndipo m'mawa ukachitukula umapeza kunsi kwake kwadzaza timadontho tozizira timene timakuyenderera m'mikono. Tinadula pepala la pulasitiki lokhala ndi timatuza ta mpweya molingana ndi kukamwa kwa bafa, n'kuliyandamitsa pamadzi penipeni chivundikiro chisanaikidwe. Pansi tinayala timatiresi topyapyala kuti simenti ya pakhonde isamayamwe kutentha. Kenaka tinamanga mpanda wa bango mbali imene mwera umachokera, chifukwa kuyambira Juni mpaka Ogasiti mphepoyi imawomba usiku wonse ndipo imalowa ngakhale pansi pa chivundikiro ngati malamba ake sanakokedwe bwino. Zinthu zitatuzi ndi zotsika mtengo, koma poyerekeza mayunitsi otsala pa mita madzulo ndi m'mawa, ndizo zinabweretsa kusintha kwakukulu kuposa china chilichonse chimene tinayesa.

Alipo amene amalangiza kuti hita isamazimitsidwe konse, ati kutenthetsanso madzi ozizira kumadula kuposa kuwasunga ali otentha. Malangizo amenewa sindigwirizana nawo. Madzi akamatentha kwambiri kuposa mpweya wowazungulira, m'pamenenso amataya kutentha mofulumira, motero bafa losungidwa pa madigiri 38 sabata yonse limataya zambiri kuposa limene laloledwa kutsika pang'ono. Bambo amalowa m'bafa kumapeto kwa sabata ndi tsiku lina pakati, ndipo masiku enawo hita imakhala yozima, kapampu kosefa kokha n'kumagwira ntchito maola ochepa, poti iko sikadya magetsi ambiri. Klorini yekha ndiye sitidumphitsa, chifukwa madzi ofunda osasamalidwa amaswetsa tizilombo, kuphatikizapo ta Legionella timene timayambitsa chibayo choopsa kwa okalamba.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi paipi yakuda ya mthirira, imene tinaizunguliza pamwamba pa malata a khonde n'kuilumikiza ku kapampu ka sola. Dzuwa la boma lino si lamasewera; si pachabe kuti malo opangira magetsi a dzuwa a megawati 60, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, anamangidwa kuno ku Salima. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itayamba, madzi ozungulira m'paipimo masana ankafika pa mlingo wofunika hita isanayake n'komwe. Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Dzuwa likapendeka paipiyo iyenera kutsekedwa, apo ayi imayamba kuziziritsa madzi omwe inatenthetsa. Chachiwiri, mu Okutobala madzi angathe kupitirira madigiri 40, amene ndi malire oyenera munthu kulowamo, choncho timayamba tayeza ndi choyezera kutentha bambo asanaviike phazi. M'nyengo ya mwera ndi masiku a mitambo paipiyi imathandiza pang'ono chabe, ndipo hita imabwerera pa ntchito yake.

Thovu ndi lokoma pamsana, koma makina ake amapopera mpweya wozizira m'madzi, ndipo ukawayatsa kwa nthawi yaitali umaona manambala a kutentha akutsika pamaso pako. Ife timawayatsa mphindi zochepa kumapeto. Sefa nayo timaitsuka kawirikawiri, popeza ikatsekeka ndi fumbi madzi amayenda mochedwa ndipo hita imadzizimitsa yokha isanamalize.

Mnzanga wina amene ali ndi nyumba yogona alendo chakuno anandilimbikitsa kugula makina otchedwa heat pump, amene m'nyengo yofunda amapereka kutentha kochuluka katatu kapena kanayi kuposa hita wamba pa yunitsi iliyonse. Kwa iye, amene bafa lake liyenera kukhala lotentha tsiku lililonse chifukwa cha alendo, makinawo ndi oyenera. Kwa ife, amene hita yathu imagwira ntchito yeniyeni miyezi itatu yokha pachaka, bafa lopopali likhoza kutha ntchito ndalama zogulira makinawo zisanabwerere.