Mafuta a zomera kapena mafuta a SPF: oteteza khungu padzuwa la ku Mangochi ndi ati?

Mafuta a nthanga za malambe, a chammwamba ndi madzi a alovera amafewetsa khungu, komanso ali ndi zinthu zotchedwa ma antioxidant zothandiza khungu kudzikonza likapsa. Koma satchinga mokwanira cheza cha dzuwa chowononga khungu, chotchedwa UV. Mayi woyanika usipa pathandala ku Makawa mu Okutobala, atadzola a malambe okha, madzulo amapezeka khosi lawawuka ndithu. Mandimu ndiye ayi: madzi ake akakumana ndi dzuwa amatulutsa matuza ndi mabanga akuda.

SPF ndi nambala yosonyeza mphamvu ya mafuta potchinga dzuwa. Mafuta ogula a SPF 30 amatchinga pafupifupi 97 peresenti ya cheza cha UVB (mtundu wa UV umene umawawula khungu), a SPF 50 pafupifupi 98. Okhala ndi mankhwala otchedwa zinc oxide amatchinganso UVA (mtundu wina wa UV umene umakalambitsa khungu), ngakhale amatuwitsa nkhope. Ambiri amalakwitsa muyezo. Nkhope ndi khosi zimafuna mizere iwiri yotalika ngati chala, thupi lonse mamililita 30. Dzolani mphindi 15 musanatuluke, mubwerezenso pakatha maola awiri kapena mukavuuka m'nyanja.

Munthu wachialubino asayerekeze kudalira zomera. Iye ndi SPF 50, chipewa chakhonde ndi malaya a mikono yaitali. Alovera asungire madzulo akasamba.