Satifiketi kapena misonkhano: wolemba mapulogalamu wa ku Dedza ayambe ndi chiti?

Tiyambe ndi satifiketi za AWS, nthambi ya kampani ya Amazon yobwereketsa makompyuta kudzera pa intaneti. Mayeso ake oyambira a Cloud Practitioner amalipiritsa madola 100, apamwambapo a Associate madola 150, ndipo satifiketi yake imatha mphamvu pakapita zaka 3. Mutha kulembera kunyumba kudzera ku Pearson VUE, kampani yolembetsa mayesowa, koma woyang'anira amakuonani pa kamera mpaka mumalize: patebulo pasakhale kanthu, chitseko chikhale chotseka, mwana asasuzumire n'komwe. Netiweki ikaduka kapena magetsi akathima laputopu ilibe moto, mayeso akhoza kuthera pomwepo. Ndiye muganizirenso zopeza madolawo, nkhani yomwe payokha ndi mutu waching'alang'ala.

Misonkhano ya olemba mapulogalamu ya ku Lilongwe njosavutirapo. Lilongwe ili pamtunda wosakwana makilomita 100 pamsewu wa M1; mukalawirira pa minibasi, madzulo mwabwerako. Kumalo ngati mHub, komwe amakumanako anthu a zamakompyuta, simuphunzira zakuya, tisanamizane, koma mumadziwana ndi anthu, ndipo maganyu ambiri kuno amayenda pakamwa.

Ngati mukusaka ntchito ya pa intaneti ku kampani yakunja, yambani ndi satifiketi, chifukwa bwana wa ku Johannesburg sakudziwani. Koma ngati makasitomala anu ndi masukulu ndi mashopu apaboma pano, satifiketiyo palibe adzakufunseni. Kwerani minibasi.