Mapenti anayi otuwa a Tamiya: ndi uti woyenera kasitima kanu ka Japan?

Munthu amene sanamangepo tisitima tankhondo tapulasitiki akaona timabotolo ta XF-75, XF-77, XF-87 ndi XF-91 tili pamodzi, anganene kuti ndi penti imodzimodzi yotuwa. Koma Tamiya, kampani ya ku Japan yopanga tisitima timeneti ndi mapenti ake, sinachite misala. M'nthawi ya Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse, asilikali apamadzi a Japan anali ndi madoko anayi akuluakulu omangira ndi kukonzera sitima: Kure, Sasebo, Maizuru ndi Yokosuka. Doko lililonse linkasakaniza penti yakeyake, ndiye kutuwa kwake sikunkafanana ndendende. XF-75 ndi ya Kure, XF-77 ya Sasebo, XF-87 ya Maizuru, XF-91 ya Yokosuka.

Ndinapaka zonse zinayi pa kapulasitiki koyera n'kukaziona kuwala kwa masana. Ya Sasebo ndiyo yoderako kwambiri, ya Maizuru ndiyo yoyererako. Zina ziwirizo zili pakati, ndipo usiku pa getsi maso anga amavutika kuzisiyanitsa.

Yamato wanga wa 1/350 (wochepa ka 350 poyerekeza ndi sitima yeniyeni yaikulu yankhondo ya dzinali), amene amafika masentimita pafupifupi 75, ndinamupaka XF-75. Apa panalibe chovuta, popeza sitimayi inamangidwa ku Kure, inayamba ntchito mu Disembala 1941, ndipo inkabwerera komweko kokakonzedwa mpaka inamira pa 7 Epulo 1945. Kunsi komira m'madzi ndinapaka XF-9 yofiirira, pamatabwa opondapo XF-78 ya mtundu wa matabwa.

Pamene pamagona nkhani ndi apa: osangoyang'ana kumene sitima inabadwira. Sitima ikapita kokakonzedwa, inkapakidwa penti ya doko limene yafikirako. Sitima ya Yukikaze inamangidwa ku Sasebo n'kutha mu 1940, koma inapulumuka nkhondo yonse, ikulowa ndi kutuluka m'madoko. Choncho musanatsegule botolo, sankhani kaye chaka chimene mukufuna kuonetsa, mufufuze kumene inakonzedwa komaliza chakacho chisanafike. Sitima ya Shimakaze, yomangidwa ku Maizuru n'kutha mu 1943, ndi yosavuta ngati mukuionetsa ikungotuluka kumene: XF-87 basi. Ngakhale Yamato yemweyo amasintha ndi mwezi. Mu Okutobala 1944, popita kunkhondo ya ku Leyte ku Philippines, matabwa ake anadetsedwa ndi mwaye kuti asaonekere patali, ndiye XF-78 yoyera bwino pa Yamato wa mwezi umenewo ingakhale bodza.

Zithunzi zakale musazikhulupirire kwambiri. Zambiri n'zakuda ndi zoyera, ndipo dzuwa, mchere wam'nyanja ndi filimu yomwe zimasintha maonekedwe. Zopakidwa mitundu pakompyuta masiku ano n'zokongola, koma mtunduwo anasankha ndi wopakayo.

Kagwiridwe ka pentiyo kandisangalatsa. Ndi ya akiriliki, timabotolo ta mamililita 10, yosanyezimira ikauma. Ndikaisungunula ndi X-20A, mankhwala a Tamiya osungunulira penti, n'kupopera ndi airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya, imagona mosalala, osakwirira timizere tating'ono tapakhoma la sitima. Imauma msanga, choncho opaka ndi burashi adutse kamodzi, adikire iume, kenako abwereze. Kupukutapukuta ikadali yaiwisi kumakanda ya pansi. Muitakase bwino ndi kamtengo, chifukwa zolemera zimakhazikika pansi pa botolo.

Pa tisitima ta 1/700 ine ndimadonthezamo yoyera pang'ono. Kasitima kakang'ono kopakidwa mtundu weniweni kamaoneka kakuda kuposa mmene sitima yeniyeni imaonekera patali panyanja. Anzanga ena amakana, amati ukasakaniza wawononga mbiri. Tinasiyana maganizo mpaka pano.

Kodi mugule zonse zinayi? Ngati muli ndi sitima imodzi, ayi, tengani ya doko lake. Koma mukamanga sitima zing'onozing'ono zothamanga ngati Yukikaze, musaiwale XF-79, yabulauni, chifukwa malo ambiri opondapo pa sitima zimenezi ankayalapo linoliyamu, choyala pansi cholimba ngati kapeti, wopanidwa ndi timizere tachitsulo chachikasu.