Kungoganizira kapena kuyeza: chithunzi chodzaza tsamba mu LaTeX

Wophunzira wa ku Bunda amene akulemba lipoti mu LaTeX (pulogalamu ya pakompyuta yokonzera zolemba pogwiritsa ntchito malamulo olembedwa), nafuna kuti mapu a Lilongwe adzaze tsamba la A4 pamodzi ndi mawu ofotokoza a pansi pake, ali ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi yongoganizira: kulemba height=0.9\textheight (\textheight ndi msinkhu wa malo olembapo patsamba) ndi width=\textwidth (\textwidth ndi kutambalala kwa malowo), kuwonjezera keepaspectratio kuti mapuwo asaphwatalale, basi. Imagwira ntchito mawu ofotokozawo akakhala mzere umodzi. Akachuluka, LaTeX imadandaula kuti "Float too large for page" (kutanthauza kuti chithunzi ndi mawu ake zakulira tsamba), ndipo zonse zimasefukira m'munsi, kumene kuli nambala ya tsamba.

Yachiwiri ndi kuyeza. Mawuwo mumayamba mwawaika m'bokosi lotambalala ngati \textwidth, n'kuyeza msinkhu wake, kenako n'kuuchotsa pa \textheight. Musaiwale kuchotsanso \abovecaptionskip, kampata ka pakati pa chithunzi ndi mawu ake, kamene mu mtundu wa chikalata wa article ndi 10pt, n'kosavuta kukaphonya. Chotsalacho ndiye msinkhu wa chithunzi. Mukasintha mawu mawa, chithunzi chimadzikonza chokha.

Pa chithunzi chimodzi, kungoganizira n'kokwanira. Koma mapu akakhala ambiri, aphunzitsi n'kumabweza lipoti kuti mukonze mawu, ine ndingasankhe kuyeza. Mapu otambalala kwambiri sadzaza tsamba ngakhale muyeze bwanji, pokhapokha muwatembenuze chammbali ndi angle=90.